Nyumba idapita ngongole ikadali m'njira

Kalata yochokera kubanki idafika Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya Disembala 2023. Idali kalata yolembedwa mwaulemu, yodindidwa bwino, ndipo idati pempho la ngongole ya K18 miliyoni yogulira nyumba lavomerezedwa.

Alamu anga adaiwerenga kawiri ali chiimire pakhonde. Kenaka adaipinda n'kuiika m'thumba la malaya osanena kanthu.

Nyumba yomwe kalatayo imanena idali itagulidwa kale ndi munthu wina masabata atatu m'mbuyomo. Mwini wake watsopanoyo adali atayamba kale kutsitsa njerwa zomangira mpanda.

Nkhani ya banja la achemwali angawa si yachilendo kwa anthu apantchito amene adayesapo kugula nyumba kudzera kubanki. Munthu amapeza nyumba, agwirizana mtengo, apereka dipoziti, koma pamene mapepala akuyenda kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo, wina amabwera ndi ndalama m'chikwama n'kutenga makiyi. Kodi chimachedwetsa ngongolezi n'chiyani? Nanga wogula angadziteteze bwanji?

Pepala la m'kope

Achemwali ndi namwino ndipo alamu amagwira ntchito yowerengera ndalama kubungwe lina lomwe si laboma. Pofika 2023 adali atakhala m'nyumba za lendi zaka 11 ndipo adali atasamuka kanayi. Kawiri konse adasamutsidwa chifukwa mwini nyumba adati akufuna kuikamo m'bale wake.

M'zaka zonsezo ankasunga pang'onopang'ono. Zina zimachokera kuchipereganyu cha kuntchito kwa achemwali, zina kusoya yemwe amalima kumudzi, zina kumasheya a ku SACCO. Zonse pamodzi zidakwana K6 miliyoni.

Mu Ogasiti chaka chimenecho dobadoba wina adawaonetsa nyumba m'tauni ya Balaka, mtunda woyenda pansi kuchoka kumsika. Idali ya zipinda zitatu zogona, madzi a m'nyumba, magetsi ndi mtengo wa mango kuseri. Chachikulu n'choti malo ake adali ndi liizi, chinthu chosowa m'matauni ambiri a m'maboma. Mtengo adagwirizana K24 miliyoni.

"Bambo, tipatseni miyezi itatu. Zotsalazo zichokera kubanki," adatero alamu.

Wogulitsayo, bambo wachikulire wofatsa, adavomera. Adati miyezi itatu ndi yambiri, koma poti iwo ndi anthu a ntchito zodziwika, adikira.

Mgwirizano udalembedwa pamanja, papepala long'amba m'kope, mboni zake dobadoba uja ndi mkulu wa mpingo. Pepalalo lidatchula mtengo, dipoziti ya K2 miliyoni ndi tsiku lomaliza kulipira chapakati pa Novembala. Silidanene chomwe chidzachitike banki ikachedwa, kapena kuchedwako kukachokera kwa wogulitsa mwini.

Madzulo a tsikulo mphwanga wa zaka 9 adandiimbira foni. "Amalume, ine ndasankha kale chipinda chakumango," adatero.

Banki imaunika ziwiri

Ambiri timaganiza kuti ngongole ya nyumba ili ngati ngongole ya pamalipiro yomwe imatuluka m'masiku ochepa. Zimasiyana kwambiri. Pangongole ya nyumba banki imapereka ndalama zambiri kwa zaka zambiri, choncho imaunika zinthu ziwiri: munthu wobwereka ndi nyumba yomwe ikhale chikole.

Kumbali ya munthu, amafuna chiphaso cha unzika, mapepala a malipiro, sitetimenti ya kubanki ya miyezi ingapo ndi kalata ya abwana kuntchito. Amafunsanso kumabungwe osunga mbiri ya angongole, omwe amagwira ntchito pansi pa lamulo la Credit Reference Bureau la 2010. Ngongole yakale yomwe munthu adaiiwala kusitolo kapena kubungwe lobwereketsa ndalama imatha kutulukira pamenepa.

Alamu adalibe ngongole yobisika. Chopunthwitsa chawo choyamba chidali kontirakiti. Monga zimakhalira m'mabungwe ambiri omwe si aboma, iwo amalembedwa ntchito zaka ziwiriziwiri, ndipo panthawiyo padatsala miyezi 14. Banki idafunsa kuti munthu wa kontirakiti yotere abweza bwanji ngongole ya zaka 15. Padafunika kalata ina yochokera kulikulu la bungwe lawo, komanso kuphatikiza malipiro a achemwali papempholo. Zimenezi zokha zidadya masabata atatu.

Kumbali ya nyumba, banki sikhulupirira mtengo womwe wogula ndi wogulitsa agwirizana. Imatumiza katswiri wowerengera mitengo ya nyumba kuti akaione, ndipo ndalama zolipira katswiriyo zimachokera m'thumba la wogula. Katswiri wa alamu amachokera ku Blantyre, ndipo adadikira kuti ntchito za mbali imeneyo zichulukeko asadanyamuke. Lipoti lake lidafika kumayambiriro kwa Okutobala.

Dzina la malemu

Chopinga chachikulu chidaoneka loya atakafufuza kukaundula wa malo. Liizi ija idali m'dzina la malemu bambo ake a wogulitsayo, omwe adamwalira zaka zambiri zapitazo.

Wogulitsayo sadaname. Nyumbayo adasiyiridwa ndipo abale ake onse amadziwa. Koma kudziwa kwa abale si umboni pamaso pa banki. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti munthu akamwalira osasiya wilo, khoti lipereke makalata kwa woyendetsa chumacho, ndipo malo a malemu sangasinthidwe dzina popanda makalatawo. Bamboyo makalata adali nawo, koma adangowasunga m'sutikesi osakasinthitsa dzina paliizi. Loya adafunanso kuti abale onse asainire kuti akuvomereza kugulitsako, ndipo mmodzi mwa iwo amakhala ku Johannesburg.

Pamene amadikira siginecha ya ku Johannesburg, padatulukiranso nkhani ya msonkho wa malo. Malo a liizi amalipiridwa msonkho chaka ndi chaka kwa mwini nthaka, amene nthawi zambiri ndi boma, koma banjalo lidali lisadalipire kwa zaka zingapo. Wogulitsa adati alibe ndalama pokhapokha atalandira zake. Banki idati siingapereke kanthu mapepala asadayere. Pamapeto alamu adalipira okha ngongole ya msonkhoyo, poganiza kuti adzachotsera pamtengo.

Mapepala onse atakwana, kumayambiriro kwa Novembala, nthambi ya bankiyo idatumiza failo kulikulu. Ngongole zikuluzikulu sizivomerezedwa kunthambi, zimadikira komiti. Alamu ankapita kubanki Lolemba lililonse, ndipo yankho lidali limodzimodzi.

"Bwana, zili kulikulu. Tikuimbirani."

Kwacha idagwa

Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe imagulitsidwa pafupifupi K1,180 m'mabanki, idafika pa K1,700. Aka kadali kachiwiri m'miyezi 18, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwanso ndi 25 peresenti.

Mitengo ya simenti, malata, mafuta a galimoto ndi feteleza idakwera. Wogulitsa uja ankagulitsa nyumbayo kuti amalize ina yomwe amamanga kumudzi kwawo komanso alipirire ana awiri sukulu. Adawerengera n'kupeza kuti K24 miliyoni ya mu Ogasiti siikwaniranso zomwe amafuna.

Tsiku la papepala lija litadutsa, adadikirabe masiku anayi. Kenaka kudabwera mkulu wina wogula mbewu, amene amafuna kuika ndalama zake m'chinthu chosaguga kwacha isadagwenso. Adapereka K30 miliyoni, theka tsiku lomwelo, ndipo adati za mapepala adzathamangira yekha pambuyo pake.

Wogulitsayo adabwera yekha kunyumba kwa achemwali, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mundikhululukire. Ndadikira monga tidapanganirana. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno," adatero.

Achemwali akuti adalephera kumukwiyira. Munthuyo adasunga tsiku lomwe lidalembedwa, ndipo pepala la m'kope lija silidamumange kuti adikire kupitirira apo, ngakhale theka la kuchedwako lidachokera kumapepala ake omwe.

Zomwe zidatayika

Dipoziti ya K2 miliyoni idabwezedwa, koma m'zigawo zitatu, chomaliza mu Febuluwale 2024. Pofika nthawiyo ndalamayo siikadagulanso matumba a simenti omwe ikadagula mu Ogasiti.

Ndalama za katswiri wowerengera mtengo, za loya, zolembetsera pempho kubanki ndi zoyendera sizidabwerere. Za msonkho wa malo zija zidabwezedwa theka, patatha kukambirana kwa nthawi yaitali pamaso pa mkulu wa mpingo uja.

Chowawa china chidali cha lendi. Pokhulupirira kuti Khirisimasi akadyera m'nyumba yawo, alamu adali atauza kale landilodi kuti atuluka kutha kwa Novembala. Adabwerera kukapepesa. Landilodi adavomera kuti akhalebe, koma pamtengo watsopano.

Kodi ngongole yovomerezedwayo sakadangogulira nyumba ina? Ayi. Chivomerezo chimamangidwa panyumba yomwe yaunikidwa. Nyumba ina imatanthauza katswiri wina, kufufuza kwina kukaundula ndi komiti ina. Kalata ya banki nayo imakhala ndi tsiku lothera mphamvu.

Komanso kalatayo si ndalama. Ngakhale ikadafika nthawi yabwino, padatsala chilolezo cha mwini nthaka chosinthira dzina paliizi, chikalata cha bungwe lotolera misonkho la MRA chotsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, msonkho wa chidindo, inshulansi ya nyumba ndi ya moyo wa wobwereka, ndi kulembetsa chikole cha banki kukaundula. Kawirikawiri banki imatulutsa ndalama chikole chake chikakhazikika. Miyezi itatu yomwe alamu adapempha idali yochepa kuchokera pachiyambi pomwe, kungoti sankadziwa.

Ngongole ya ochepa

Kubwereka ndalama zogulira nyumba kudayamba kale m'dziko muno. Bungwe la New Building Society lidakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwenso bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation lidayamba, ndipo kwa zaka zambiri ndilo limadziwika ndi ngongole zotere. Mu 2004 lidasanduka banki ya NBS, ndipo m'zaka zotsatira mabanki enanso adalowa m'malondawa.

Ngakhale zili choncho, Amalawi ambiri sagula nyumba kudzera kubanki. Chifukwa choyamba ndi nthaka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu 17.5 miliyoni ndipo 16 mwa anthu 100 alionse ndiwo amakhala m'matauni. Malo ambiri ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Nyumba zambiri za m'misika monga Mponela, Lizulu, Lunzu kapena Jenda zili pamalo omwe umboni wake ndi kalata ya amfumu kapena pepala losainirana ndi wogulitsa. Pepala lotere limagwira ntchito pabwalo la amfumu, koma banki siilandira ngati chikole cha ngongole ya nyumba.

Malamulo a zamalo a 2016, kuphatikizapo lamulo la malo a makolo, adatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake n'kulandira chikalata. Koma kulembetsa malo dziko lonse ndi ntchito ya zaka zambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Mu Julayi 2023 banki ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 24 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2024 idachikwezanso kufika pa 26 peresenti. Chiwongoladzanja chomwe mabanki amalipiritsa makasitomala chimatsata komweko, ndipo pangongole zambiri za nyumba chimasintha ngongole ili mkati.

Tiyerekeze munthu wabwereka K18 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka 15. Mwezi uliwonse azilipira pafupifupi K455,000, ndipo pomaliza adzakhala atabweza pafupifupi K82 miliyoni. M'mwezi woyamba, K450,000 mwa ndalamayo ndi chiwongoladzanja chokhachokha. N'chifukwa chake banki imafunsa kambirimbiri isadavomere. Kasitomala akalephera, njira yake yobwezera ndalama ndi kugulitsa nyumbayo, ndipo siingagulitse nyumba ya mapepala okayikitsa.

Apa ndi pamene wogula wa ndalama m'manja amapambana. Iye safunsa dzina lomwe lili paliizi, sadikira komiti. Amaika ndalama zake pachiswe, koma wogulitsa amene akuona mitengo ikukwera sabata ndi sabata amasankha iyeyo.

Safunsa adadya phula

Alamu akamakumbukira, amati cholakwa chawo chachikulu chidali kuyambira kumapeto. Adayamba kufuna nyumba, kupereka dipoziti, kenaka n'kupita kubanki. Zimayenera kukhala mosemphana.

Munthu asadaone nyumba iliyonse, apite kubanki ndi mapepala ake a malipiro akafunse kuti angamubwereke zingati, kwa zaka zingati, ndipo nkhani monga ya kontirakiti ithere pomwepo. Apemphenso mndandanda wolembedwa wa mapepala onse ofunika, ndi ndalama zonse zolipira kupatula mtengo wa nyumba. Afunse poyera kuti komiti imakhala liti, ndiponso kuti ngongole zotere zimatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera tsiku lopempha kufika tsiku lomwe wogulitsa amalandira ndalama.

Akapeza nyumba, asatulutse tambala asadaone chikalata cha umwini ndi maso ake. Dzina lomwe lili pachikalatacho lifanane ndi la pachiphaso cha wogulitsa. Ngati ndi la malemu, apemphe makalata a khoti. Kufufuza kukaundula wa malo kumaonetsanso ngati nyumbayo idaikidwa kale chikole kwina. Malisiti a msonkho wa malo ndi wa kukhonsolo aonedwe tsiku lomwelo. Zonsezi zikadachitika mu Ogasiti, alamu akadadziwa kuti nyumbayo siidali yokonzeka kugulitsidwa kudzera kubanki.

Mgwirizano ulembedwe ndi loya. Ndalama ya loya imaoneka yambiri, koma ndi yochepa poyerekeza ndi dipoziti. Mgwirizanowo unene kuti kugulaku kukudalira chivomerezo cha banki, upereke nthawi yokwanira, ndipo unene kuti masiku otayika chifukwa cha mapepala a wogulitsa sawerengedwa kwa wogula. Unenenso kuti wogulitsa akabwerera m'mbuyo adzabweza dipoziti m'masiku angati, komanso ndani adzalipire zomwe wogula waononga. Ena amagwirizana kuti dipoziti isungidwe ndi loya mpaka malonda atatha.

Pamalo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act palinso chitetezo chomwe ambiri sachidziwa. Munthu amene ali ndi gawo pamalo, monga wogula amene wasainirana mgwirizano, angathe kukalembetsa chenjezo kukaundula, lomwe maloya amalitcha caution, kuti malowo asasinthidwe dzina iye asadamvedwe. Loya angalangize ngati njirayi ikuyenera pankhani yanu.

Failo ikalowa kubanki, musadalire mawu apakamwa okha. Lembani kalata yotchula tsiku lomwe mgwirizano wanu ukutha, ndipo musunge kope lodindidwa. Pemphani banki ilembere wogulitsa kumudziwitsa pomwe pempho lafika, chifukwa wogulitsa amene ali ndi pepala m'manja amadekha kusiyana ndi amene akungomva kuti zili kulikulu. Ngati mukuona kuti simudathandizidwe moyenera, yambani mwadandaula kwa akuluakulu a bankiyo. Zikakanika, banki ya Reserve, yomwe imayang'anira mabungwe azachuma pansi pa lamulo la Financial Services la 2010, imalandira madandaulo a makasitomala.

Ndipo musatsanzike landilodi makiyi a nyumba yatsopano asadalowe m'manja mwanu.

Mabanki nawo ali ndi mbali yawo. Kasitomala sayenera kuuzidwa za pepala limodzi sabata ino, lina sabata yamawa. Wogwira ntchito amene amaona mafailo otere chaka chonse amadziwa kuti miyezi itatu siikwana pamene liizi ili ndi mavuto, ndipo kunena zimenezi tsiku loyamba kukadapulumutsa banja lina kudipoziti yomangika.

Njerwa imodziimodzi

Alamu sadabwererenso kubanki kukapempha ngongole ya nyumba. Mu 2024 adatenga zomwe zidatsala pa K6 miliyoni ija n'kugula puloti kunja pang'ono kwa tauni. Ulendo uno adayamba ndi mapepala, ndalama pambuyo.

Akumanga monga amangira Amalawi ambiri: maziko chaka chino, zipupa chaka chamawa, malata soya akagulitsidwa. Ngongole zazing'ono za ku SACCO ndizo zimagula simenti. Pomwe ndidapitako komaliza, nyumbayo idali itafika pamawindo, ndipo alamu amasunga malisiti onse m'failo imodzi pamodzi ndi kalata ya Disembala ija.

Achemwali amadutsa panyumba yoyamba ija m'mawa uliwonse popita kuntchito. Pano ili mumpanda wautali ndi geti lachitsulo, ndipo chomwe chimaoneka kunja ndi nsonga ya mtengo wa mango basi.

Mphwanga uja sadasankhe chipinda panyumba yatsopanoyi. Akuti adikira kaye denga. Koma kuseri kwa maziko adadzalako mtengo wake wa mango, ndipo amakauthirira Loweruka lililonse.